BAMBO GONÇALO DA SILVEIRA, MTUMIKI WOMVERA (1526-1561)

Mwa amishonale onse amene adalalika Mthenga Wabwino m'chigwa cha Zambezi, amene dzina lawo limayamba kutchulidwa ndi Bambo Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Ajezuiti. Iwo adadzera pa Tete chakumapeto kwa chaka cha 1560, ndipo patangopita miyezi yowerengeka adaphedwa ku likulu la mfumu Mwenemutapa, kumwera kwa mtsinjewu. M'dziko lino la Afrika adagwiramo ntchito chaka chimodzi ndi mwezi umodzi basi. Sadamange tchalitchi cha njerwa, sadasiye sukulu, ndipo ngakhale manda awo palibe. Komabe Akhristu a ku Chiputo ndi a dera lonse la Maravia akafuna kulondola chiyambi cha Eklezia m'dziko la Tete, mapazi oyamba amene amawapeza panjira ndi a munthu ameneyu.

Gonçalo adabadwa pa 23 February 1526 ku Almeirim, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Tejo m'dziko la Portugal. Atate ake, Dom Luís da Silveira, adali nduna yolemekezeka ya mfumu ndiponso mwini dera la Sortelha. Iye adali mwana wachikhumi m'banjamo. Amai ake adamwalira iye ali wakhanda, atate akenso adatsatira mwanayo asanakule, kotero kuti adaleredwa ndi mlongo wake wamkulu, Filipa de Vilhena, pamodzi ndi mlamu wake wa banja la Távora. Umasiye wake sudali waumphawi ai, pakuti m'nyumba imene adakuliramo munali antchito, akavalo ndi chuma. Maphunziro oyamba adawalandira kwa Afransisko a ku nyumba ya Santa Margarida, ndipo m'chaka cha 1542 achibale ake adamtumiza ku sukulu yaukachenjede ya ku Coimbra, ndi chiyembekezo choti adzakhala munthu wamkulu m'boma kapena mu Eklezia, monga kudali koyenera kwa mwana wa nduna.

Chaka chomwecho mu mzinda wa Coimbra mudafika anthu achilendo. Adali ansembe ndi anyamata a chipani chatsopano chimene Ignatius Woyera wa ku Loyola adayambitsa, ndipo Papa Paulo III adali atachivomereza pa 27 September 1540. Ankavala zakuda zosakongola, ankatumikira odwala m'zipatala, ndipo ankaphunzitsa ana katekisimu m'miseu. Gonçalo adawayang'anitsitsa kwa chaka chimodzi, kenaka mu 1543 adapempha kulowa m'chipanicho ali ndi zaka 17. Abale ake sadakondwe nazo. Kwa iwo chidali chamanyazi kuti mwana wa ku Sortelha azisesa m'khonde, kutsuka mbale ndi kupempha chakudya khomo ndi khomo, ndipo adayesetsa kuti amtulutse. Mnyamatayo sadatekeseke. Adatsiriza maphunziro ake, adadzozedwa unsembe, ndipo pambuyo pake adalandira digiri yapamwamba ya zaumulungu ku Gandía m'dziko la Spain.

Kuti munthu amvetse zimene Bambo Silveira adadzachita pa Zambezi, ayenera kudziwa sukulu imene idaumba mtima wawo. Mjezuiti aliyense amachita m'bindikiro wa masiku 30, kusinkhasinkha moyo wa Ambuye Yesu kuyambira kubadwa mpaka kuuka kwa akufa. Kuonjezera apo, tsiku lililonse amaima kawiri, masana ndi madzulo, kuti aunike mtima wake: athokoze Mulungu pa zabwino zimene walandira, apemphe kuwala, aone m'mene wayendera kuyambira m'mawa, apepese pa zolakwa, ndi kupereka maola otsalawo m'manja mwa Mulungu. Ignatius Woyera ankalola kuti munthu wodwala kapena wotanganidwa achepetse mapemphero ena, koma kudziunika kumeneku ankakulimbikira kwambiri. Cholinga chake chidali chakuti munthu asamadikire tsiku lalikulu kuti adzachite kufuna kwa Mulungu, koma akufunefune m'ntchito imene ili patsogolo pake lero. Ajezuiti akuluakulu amalumbiranso lumbiro lachinayi, loonjezera pa umphawi, kudzisunga ndi kumvera, lakuti adzapita kulikonse kumene Papa angawatume, popanda kuwiringula.

Kumvera kumeneku kudayesedwa koopsa ku Portugal, Bambo Silveira ali pakati pa zinthuzo. Mu 1552 Ignatius Woyera adachotsa paudindo Bambo Simão Rodrigues, mmodzi wa anzake oyamba, amene adali mkulu wa Ajezuiti a dzikolo ndiponso wokondedwa ndi anyamata a ku Coimbra. Ambiri adanyinyirika, ena adakana kumvera mkulu watsopano, ndipo chipani chidataya anthu ochuluka, ena ochoka okha, ena ochotsedwa. Chifukwa cha chisokonezo chimenechi, pa 26 March 1553 Ignatius adalembera Ajezuiti a ku Portugal kalata yotchuka ya za kumvera. M'menemo adalongosola kuti kumvera kuli ndi masitepe atatu. Loyamba ndi kuchita chimene munthu walamulidwa, ndipo limeneli adaliona ngati lochepa, pakuti ngakhale kapolo wodana ndi mbuye wake amachita zomwezo. Lachiwiri ndi kufuna ndi mtima wonse chimene mkulu akufuna. Lachitatu, lovuta kupambana onse, ndi kugonjetsa maganizo ako omwe, kufunafuna zifukwa zovomerezera chimene walamulidwa m'malo mofunafuna zochitsutsira, malinga ngati mulibe tchimo m'menemo. Adaphunzitsanso kuti mkulu samveredwa chifukwa choti ndi wanzeru kapena wabwino, koma chifukwa cha Khristu amene iye akumuimirira. Bambo Silveira adali mmodzi wa amene adatsala m'chipani pa nthawi ya mayeseroyo, ndipo chaka chomwecho cha 1553 adasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa nyumba ya São Roque mu mzinda wa Lisbon.

Ku São Roque adadziwika ngati mlaliki wamphamvu ndi wansembe wosatopa pomvera kulapa kwa anthu. Ankadya pang'ono, ankagona pang'ono, ndipo thupi lawo ankalilanga mopyola muyeso. Sadakhalitse pamenepo. Adasankhidwa kukhala mkulu wa Ajezuiti onse a ku India, udindo umene Francisco Xavier Woyera adaugwira mpaka imfa yake mu 1552, ndipo Ignatius adavomereza kusankhidwako. Adanyamuka ku Lisbon m'mwezi wa March 1556, nakafika ku Goa mu September. Ali m'njira muno, pa 31 July, Ignatius adamwalira ku Roma, kotero kuti Bambo Silveira adayamba ntchito yawo akumvera lamulo la munthu amene adali atapita kale kwa Mulungu, iwo osadziwa.

Zaka zitatu za ku India zili ndi mbali yowala ndi mbali yamdima, ndipo buku lachikumbutso siliyenera kubisa yamdimayo. Adalimbikitsa maphunziro a anyamata ofuna unsembe ndi ntchito yophunzitsa akatekumeni. Koma nkhanza zimene ankadzichitira okha ankazifunanso kwa ena, ndipo Ajezuiti anzawo ena adaona kuti ulamuliro wawo udali wouma. Choipa kuposa apo nchakuti mu 1557, mu mzinda wa Cochin, iwo adali mmodzi wa atsogoleri a kafukufuku wolimbana ndi Akhristu ochokera m'mabanja a Chiyuda, amene ankaganiziridwa kuti akusunga chipembedzo cha makolo awo mobisa. Anthu angapo adamangidwa natumizidwa ku Lisbon, ndipo mlandu umenewu udathandiza kutsekula njira ya bwalo la Inquisition, limene lidakhazikitsidwa ku Goa mu 1560. Ameneyu adali munthu wa nthawi yake, ndipo changu chake chidapweteka anthu. Eklezia, pa Msonkhano Waukulu wa Vatican II mu 1965, adanena poyera kuti munthu asakakamizidwe pa nkhani ya chikhulupiriro.

Mu 1559 udindo udapita kwa Bambo António de Quadros, ndipo amene dzulo ankalamula Ajezuiti onse kuyambira ku Goa mpaka ku Japan adabwerera kukhala wansembe wamba wodikira kutumidwa. Nthawi yomweyo ku Goa kudafika uthenga wochokera ku gombe la Afrika. Mwana wa Gamba, mfumu ya ku Tongue kufupi ndi Inhambane, adali atabatizidwa pa chilumba cha Mozambique, ndipo atate ake ankapempha aphunzitsi. Bwanamkubwa wa India, Dom Constantino de Bragança, adapereka pempholo kwa Ajezuiti, ndipo Bambo Quadros adatuma anthu atatu: Bambo Silveira monga mtsogoleri, Bambo André Fernandes, ndi Bulazala André da Costa. Adachoka ku India mu January 1560, nafika pa chilumba cha Mozambique mu February. Kuchokera pamenepo adatsetsereka ndi gombe m'ngalawa yaing'ono, nadzera pa Sofala pa 11 March, mpaka adakocheza ku Inhambane.

Dziko la Afrika lidawalonjera ndi malungo. Bambo Silveira adadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, kotero kuti Bambo Fernandes adatsogola okha kupita kwa mfumu, iwo nkutsatira pambuyo akadali ofooka. Ku Tongue adakhalako masabata asanu ndi awiri. Mfumu Gamba idabatizidwa ndi kulandira dzina loti Constantino, ndipo anthu oposa 400 adabatizidwa pamodzi nayo. Makalata amene adapita ku Goa adali odzaza ndi chimwemwe. Koma Bambo Silveira atachoka, Bambo Fernandes adatsala ndi ntchito yeniyeni. Atayamba kuphunzitsa za mitala, za chokolo ndi za kuombeza maula, anthu adawafulatira. Atakana pamaso pa anthu kuti mfumu ili ndi mphamvu yogwetsa mvula, mfumuyo idakwiya. Bulazala da Costa adadwala nachoka. Bambo Fernandes adapirira njala ndi kusungulumwa kwa zaka ziwiri, mpaka adabwerera ku India mu 1562. Wansembe ameneyu satchulidwa kawirikawiri, koma kumvera kwake kwa tsiku ndi tsiku pa malo opanda zipatso sikudali kochepa poyerekeza ndi kwa mkulu wake.

Maso a Bambo Silveira adali pa Mwenemutapa. Maganizo a amishonale a masiku amenewo adali akuti mfumu yaikulu ikatembenuka, mafumu aang'ono ndi anthu awo adzatsatira. Motero adabwerera ku chilumba cha Mozambique, ndipo mu September 1560 adanyamukanso, popanda wansembe mnzawo, pamodzi ndi Apwitikizi owerengeka ndi womasulira. Atavutika ndi namondwe panyanja, adalowa m'dziko kudzera ku Quelimane, nayamba kukwera Zambezi. Olemba mbiri yawo amasimba kuti paulendo wa pamtsinjewo adadzitchingira kamalo m'ngalawa ndi nsalu, nakhala m'menemo masiku angapo m'bindikiro, akupemphera ndi kudya kamodzi kokha pa tsiku. Munthu wina akadatha masiku amenewo akufunsa za njira, za mafumu ndi za mitengo ya nsalu. Iwo adaona kuti chofunika kukonza ulendo usanafike pouma ndi mtima wa woyendayo.

Pa Sena padali mudzi wa amalonda, Apwitikizi pang'ono ndi Asilamu a ku gombe. Mlendo sankaloledwa kungolowa m'dziko la Mwenemutapa popanda chilolezo, choncho adatumiza mthenga ku likulu ndi kukhala pansi kudikira. Kudikirako kudatenga masabata ambiri, m'nyengo yotentha ya October ndi November, imene aliyense wokhala m'chigwa chino amaidziwa ukali wake. Kwa munthu wa mtima wachangu ngati iwo, amenewa adali mayesero ena. Sadakhale manja lende. Adalongosola maukwati a Apwitikizi amene ankakhala ndi akazi popanda sakramenti, adaphunzitsa katekisimu, ndipo adabatiza antchito ndi akapolo mazana angapo a pamudzipo. Mfumu ina ya pafupi ndi Sena idapempha ubatizo pamodzi ndi banja lake, koma iwo adaipempha kuti iyambe yadikira, popeza padalibe wina wotsala kuti apitirize kuiphunzitsa. Chilolezo chitafika adapitirira mpaka ku Tete, ndipo kuchokera m'chigwa adayamba ulendo wapansi wolowera kumapiri a kumwera chakumadzulo, mvula itayamba kale. Katundu wa nsembe ya Misa, ndiye mwala wa pa guwa, chikho ndi zovala, ankasenza okha, ndipo powoloka mitsinje yodzaza ankamunyamula pamutu.

Adafika ku likulu pa nyengo ya Khirisimasi, pa 26 December 1560. Ufumu wa Mwenemutapa udali wa anthu a Chikaranga, ndipo udali wotchuka chifukwa cha golide, minyanga ya njovu ndi ng'ombe. Malonda ake ankatsikira ku Zambezi ndi ku Sofala, ndipo kwa zaka zambiri adali m'manja mwa amalonda a Chisilamu, amene tsopano ankapikisana ndi Apwitikizi. Mfumu ya nthawiyo, Negomo Mupunzagutu, idali yachinyamata, yongolowa kumene ufumu, ndipo amai ake adali ndi mau amphamvu pabwalo. Pa likulupo pankakhala Mpwitikizi wina, António Caiado, wodziwa chilankhulo ndi miyambo ya kumeneko, amene mfumu inkamukhulupirira. Ameneyu ndiye adakhala womasulira, ndipo zambiri zimene zimadziwika za masiku otsiriza a Bambo Silveira zidachokera m'kalata yake.

Mfumu idalandira mlendoyo mwaulemu waukulu. Idamtumizira golide, ng'ombe ndi antchito, monga inkachitira ndi alendo olemekezeka, koma Bambo Silveira adabweza zonse mwaulemu. Ataitanidwa kukaonana nayo, adaloledwa kulowa m'nyumba ya mkati ndi kukhala pafupi ndi mfumu ndi amai ake. Mfumu idafunsa kuti akufuna akazi angati, golide wochuluka bwanji, minda ndi ng'ombe zingati. Iwo adayankha kuti safuna chilichonse mwa zimenezi koma mfumu yomweyo, kuti idziwe Mulungu. Negomo adazizwa, pakuti chiyambire adali asanaone munthu wochokera kunyanja wosafuna golide. Kuzizwa kumeneku kudali ndi mbali ziwiri. Kukana mphatso ya mfumu si nkhani yaing'ono pa mwambo wa kuno, ndipo munthu wosafuna kanthu amavuta kumumvetsa: ena amamuyesa woyera, ena amayamba kufunsa chimene akubisa.

Bambo Silveira adabwera ndi chithunzi chokongola cha Amai Maria, chimene adachiika pa guwa m'kanyumba kawo. Anthu ena a mfumu atasuzumira pa nthawi ya Misa, adakanena kuti mlendo uja ali ndi mkazi wokongola m'nyumba. Mfumu idafuna kumuona. Wansembeyo adapita nacho chithunzicho atachikulunga m'nsalu, nalongosola kuti ameneyu ndi Amai a Mwana wa Mulungu, Mfumu ya mafumu onse. Negomo adapempha kuti chikhale m'nyumba mwake, ndipo pambuyo pake adasimba kuti kwa mausiku angapo mai wa pachithunzicho ankamuonekera kutulo, akuwala, ndi kumulankhula m'chilankhulo chimene iye sankachimva. Bambo adamuuza kuti chilankhulo chimenecho amachimva ndi okhawo amene alandira chikhulupiriro. Pasanathe mwezi chifikire mlendoyo, chakumapeto kwa January 1561, mfumu idabatizidwa ndi kutchedwa Sebastião, amai ake natchedwa Maria. Akuluakulu a pabwalo ndi anthu ena pafupifupi 300 adatsatira. Mfumu idapereka ng'ombe 100, ndipo ulendo uno Bambo adazilandira, koma adapempha Caiado kuti ziphedwe ndi kugawidwa kwa osauka. Iwo eni ankangodya mapira ophika pang'ono ndi ndiwo zamasamba.

Amene adakhalapo pa ukatekumeni wa zaka ziwiri kapena zitatu, kuyenda mtunda wautali kukaphunzira kwa akatekisiti, adzadabwa kumva kuti mfumu ya dziko lalikulu chotere idabatizidwa itaphunzira masabata atatu okha, kudzeranso mwa womasulira. Kudabwako nkoyenera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha sikudali mphatso ya Bambo Silveira. Sadapeze nthawi yophunzira chilankhulo, ngakhale yomvetsa malo a mizimu ya mhondoro pa ufumu wa Akaranga, pamene mfumu inkalamulira ndi chilolezo cha makolo ake akufa. Kwa iwo ubatizo udali khomo la chipulumutso, ndipo kuuchedwetsa kudali kuika mzimu wa munthu pangozi. Kwa akuluakulu a pabwalo, madzi othiridwa pamutu pa mfumu ndi mlendo, pamodzi ndi mau osamveka ndi dzina latsopano lofanana ndi la mfumu ya ku Portugal, zidali zinthu zofunika kuzifufuza.

Amalonda a Chisilamu a pa likulupo, motsogozedwa ndi munthu wina dzina lake Mingame, adaona kuti ubwenzi wa mfumu ndi Apwitikizi udzawalanda malonda. Adauza Negomo kuti wansembeyo ndi kazitape wa bwanamkubwa wa India, kuti akugwirizana ndi adani a mfumu, ndiponso kuti ndi mfiti yoopsa imene ikulanda dziko ndi madzi aubatizo. Adatinso akamulola kuchoka wamoyo, anthu adzayamba kuphana okhaokha. Nkhaniyo idapita kwa oombeza maula, ndipo maula adagwera mlendo. Makalata a Apwitikizi amaika mlandu wonse pa Asilamu, koma olemba mbiri a masiku ano, monga S. I. G. Mudenge m'buku lake la 1988 la mbiri ya ufumu wa Munhumutapa, amaonetsa kuti akuluakulu a chipembedzo cha makolo ndi nduna za pabwalo adali nazonso zifukwa zawo zoopera. Ndipo mantha akuti pambuyo pa wansembe padzabwera asilikali sadali opanda pake, monga zidaonekera patapita zaka khumi.

Mfumu idatsimikiza zopha mlendo wake, ndipo idauza Caiado kuti achotse katundu wake yense amene adali m'nyumba ya Bambo. Caiado adayesa kuipepesa, osaphula kanthu. Uthenga udafikanso kwa wansembeyo woti achoke m'dzikomo. Apa ndi pamene moyo wonse wa munthuyu udaonekera poyera. Njira yobwerera ku Tete ankaidziwa, ndipo nthawi yothawira idalipo. Koma adatumidwa kwa Mwenemutapa ndi mkulu wawo, padalibe lamulo lina lowachotsa, ndipo Akhristu atsopano 300 akadaona mphunzitsi wawo akuthawa usiku, akadakhulupirira kuti zonena za adani zija nzoona. Adasankha kukhala.

Tsiku lawo lomaliza, Loweruka pa 15 March 1561, adaligwiritsa ntchito monga masiku ena onse. Adachita nsembe ya Misa. Adabatiza anthu 50 amene adali okonzeka, nawagawira makolona ndi nsalu zimene zidatsala. Adaitana Apwitikizi a pafupi kuti adzalape. Zipangizo za Misa adazitumiza kunyumba kwa Caiado kuti zisadzanyozedwe, iwo nkutsala ndi mtanda wokha. Madzulo adavala mkanjo watsopano ndi chovala choyera cha pa mapemphero, nauza Caiado mosekerera kuti ali okonzeka kufa kuposa m'mene adani awo aliri okonzeka kupha, ndiponso kuti akhululukira mfumu, popeza ndi mnyamata, ndi amai ake, popeza anyengedwa. Caiado adasiya anyamata ake awiri kuti agone pafupi. Iwowa ndiwo adasimba kuti Bambo adayendayenda pabwalo la nyumba mpaka pakati pa usiku, akupemphera, maso ali kumwamba. Atatopa adalowa, nagona pamphasa pafupi ndi mtanda. Pamenepo anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu adalowa, adawapanikiza pansi, nawapotola khosi ndi chingwe. Adali ndi zaka 35.

Mtembo adaukoka usiku womwewo nakautaya mu mtsinje wa Musengezi, pakuti adani adanena kuti thupi la mfiti likakhala pamtunda lidzaononga dziko. Sudapezekenso. Musengezi amachokera m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, nayenda chakumpoto kudzathira mu Zambezi m'chigawo chino cha Tete. Chimangidwire damu la Cahora Bassa mu 1974, madzi ake amathira m'nyanja imene gombe lake lakumpoto ndi malire a boma la Maravia. Asodzi a kapenta amene amayatsa nyali zawo usiku panyanjapo amayandama pa madzi osakanikirana ndi a mtsinje umene udalandira thupi la Bambo Silveira.

Mfumu idalamulanso kuti anthu 50 obatizidwa tsiku lomaliza aja aphedwe, koma nduna zake zidakana, zikunena kuti ngati kulandira madziwo ndi mlandu wa imfa, ndiye kuti nazonso pamodzi ndi mfumu yomwe ziyenera kufa. Lamulolo lidafafanizidwa. Patapita masiku owerengeka Apwitikizi adapita kukaidzudzula mfumu, ndipo Negomo adaonetsa chisoni, nakankhira mlandu pa aphungu ake. Nkhani yonse idafika ku Goa, kumene Bambo Luís Fróis adailemba m'kalata ya mu December 1561, ndipo kuchokera kumeneko idawanda m'maiko a ku Ulaya. Mlakatuli wamkulu wa Apwitikizi, Luís de Camões, adatchula imfayi m'buku lake la Os Lusíadas la 1572, ndipo mu 1612 Bambo Nicolau Godinho adasindikiza mbiri ya moyo wawo m'Chilatini.

Chimene chidatsatira nchomvetsa chisoni. Munthu amene adafa akukhululuka adasandutsidwa chifukwa chochitira nkhondo. Mfumu Sebastião ya ku Portugal, imene inkafuna migodi ya golide, idatumiza gulu lalikulu la asilikali motsogozedwa ndi Francisco Barreto, ndipo imfa ya wansembeyo idatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Gululo lidanyamuka ku Lisbon mu 1569. Litafika pa Sena, asilikali ndi akavalo adayamba kufa ndi matenda a m'chigwa, koma mlandu udaikidwa pa amalonda a Chisilamu a pamenepo, amene adaphedwa mwankhanza zosaneneka. Barreto mwini adafera pa Sena mu 1573 asanafike kwa Mwenemutapa, ndipo ambiri mwa asilikali ake adathera m'chigwa chomwechi. Negomo adalamulirabe zaka zambiri pambuyo pake.

Ntchito ya Mthenga Wabwino idayenda pang'onopang'ono, moduka-duka. Adominiko adakhazikika pa Sena ndi pa Tete, ndipo pambuyo pake adafika mpaka ku Zumbo. Ajezuiti adabweranso ku Zambezi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, koma adapirikitsidwa ndi boma la Portugal mu 1759. Adabwereranso patapita zaka zoposa 120, natsekula mishoni ya Boroma mu 1885, kenaka ya ku dera la Zumbo, imene idadzakhazikika pa Miruru, kumpoto kwa Zambezi. Kumeneko kudafera ansembe awiri a ku Hungary, Bambo Czimermann mu 1894 ndi Bambo Menyhárth mu 1897, pasanathe zaka zambiri chifikire chawo. Boma la Portugal litasintha mu 1910 adachotsedwanso, nadzabwerera ku Lifidzi mu 1941. Dayosizi ya Tete idakhazikitsidwa pa 6 May 1962, patapita zaka 401 chiphedwere Bambo Silveira.

Mlandu wofufuza za kuyera kwawo udayambika kalekale, m'zaka za m'ma 1600, koma mpaka lero Eklezia sadawalengeze kukhala Wodala. Ku Zimbabwe, kufupi ndi mishoni ya Chishawasha kunja kwa mzinda wa Harare, Ajezuiti adatsekula nyumba yophunzitsira atsogoleri ndi anthu a ntchito zachitukuko mu 1964, ndipo adaitcha Silveira House.